Munthu Amene Anakana Kumanga Nyambo

Panali munthu wina wa kumadambo a ku Mchinji amene anapita ku Beira kukanyamula matumba padoko. Ananyamula zaka zinayi. Chaka chachisanu msana unakana, ntchito n'kutha. Anatsala m'kanyumba ka malata kufupi ndi gombe, iye, mkazi wake ndi mwana wa miyezi isanu, dzina lake Sungeni.

Ufa unalipo pang'ono, koma ndiwo kunalibe. Mayi uja ankamwa phala m'mawa, phala masana, ndipo mkaka unayamba kuuma. Mwana ankakoka bere, n'kulisiya, n'kulira. Patapita masiku anasiya ngakhale kulirako, n'kumangoyang'ana. Amene munayamwitsapo mukudziwa kuti mwana wanjala akakhala chete si mtendere umenewo.

Munthu uja anati nyanja yonseyi ili pakhomo, ndipo iye ndi mwana wa msodzi. Sankanama. Kwawo ankatchuka ndi milamba ya m'maiwe a mtsinje wa Bua, ndipo mbedza anaigwira asanagwire khasu.

Ndiime kaye pamenepa, chifukwa ambiri a inu nyanja yamchere mumangoimva. Ine ndinaiona ndi maso angawa. Maulendo asanu ndi awiri ndapita ku Beira kukaoda nsalu, ndekha, popanda mwamuna wondiyankhulira pachipata cha dziko. Jogalafe ndinakhozanso bwino ku Folomu 4, moti aphunzitsi ankawerengera kalasi lonse mayankho anga. Ndiye ndikamati mafunde, musaganize za timakwinya ta padamu. Funde la kumeneko limabwera ngati khoma, limadzigwetsa pamchenga, limafukula tinkhanu ndi tinkhono, n'kubwerera nato. Pali nsomba zina zonyezimira, kukula kwake ngati chikhatho, zimene zimatsata thovu limenelo n'kumadya zofukulidwazo. Amuna amaziwedza ali chiimire pagombe, popanda bwato.

Zida munthu uja anakonza bwino, pamenepo sitingamunene. Nayiloni anakulunga pabotolo. Mbedza anasankha zazing'ono, poti nsombazo n'zochepa kukamwa. Kumapeto kwa chingwe anamangirira pulagi yakale ya galimoto kuti chizilemera poponya. Za nyambo anafunsa, ndipo anamuuza kuti nyongolotsi za kwawo sizigwira ntchito m'madzi amchere. Madzi akaphwera akumbe nkhono za mumchenga, aziswe, atenge mnofu wake. Anachita momwemo, msana ukuwawa.

Chinatsala chinthu chimodzi. Mnofu wa nkhono ndi wofewa ngati chiwindi cha nkhuku. Asodzi a kumeneko akaukoleka pambedza amaukulunga ndi ulusi, kuzunguliza kakhumi kapena kuposa, n'kumanga mfundo. Mkulu wina wa Chisena, wa mano awiri m'kamwa monse, anamuonetsa zimenezi tsiku loyamba lomwe, mpaka anamudulira ulusi wake. Munthu uja anathokoza mwaulemu. Mkuluyo atatembenuka, ulusi uja anaupereka ku mphepo.

Mumtima ankati mwamuna wamkulu sangamasoke nyambo ngati telala. Bambo ake sanamangepo nyongolotsi. Bambo ake omwewo anamusiyira lamulo limodzi: ukaponya, khala phee. Wokokakoka chingwe amathamangitsa nsomba. Usodzi ndi kupirira.

Padambo lamulo limenelo ndi loona. Madzi a padambo amagona. Nyongolotsi ukaiponya m'mawa, imakhala pomwepo kufikira mlamba utaipeza.

Choncho anazunguza chingwe, anaponya, anaima. Anzake a pagombepo ankaponya, kudikira mafunde asanu kapena asanu ndi limodzi, kukoka, kuyang'ana mbedza, kumanganso, kuponyanso. Iye ankawamvera chisoni kuti sanaleredwe ndi msodzi. Dzuwa likafika pamutu, iwo ankanyamuka ndi nsomba zotunga pakachingwe. Iye ankakoka, n'kupeza mbedza ili mbee. Kunyumba ankauza mkazi wake kuti nsomba za kuno n'zakuba, zimadya nyambo osakhudza chitsulo, koma mawa azigwira.

Tsiku lachiwiri zinali chimodzimodzi. Lachitatu asodzi aja anamupatsa dzina loti Mlonda. Akamadutsa ankamulonjera kuti, “A Mlonda, nyanja yadzuka bwanji? Palibe waibako?” Iye ankangomwetulira, chingwe chili pachala, mapazi akumira mumchenga wonyowa.

Tsiku lachitatu lomwelo mtima unayamba kumunong'oneza zoona. Chala cha msodzi sichinama. Nsomba ikamadya, chingwe chimagunda ngati mtsempha, ndipo chake sichinagundepo. Chinkangokokeka ndi madzi, n'kubwerera. Koma kukoka ankaopa. Chingwe chikakhala m'madzi, iye anali msodzi amene akudikira. Akachikoka, anali bambo wopanda ntchito atanyamula botolo.

Tsiku lachinayi mkazi wake anamutsatira, mwana ali kumbuyo. Kuyenda kwake kunali kwa munthu wopanda magazi. Anakhala pamchenga. Anayang'ana manja a asodzi ena nthawi yaitali, kenaka anayang'ana mwamuna wake akukoleka mnofu pambedza n'kuponya. Atawerenga mafunde anayi, anamupempha kuti akoke.

Mwamunayo anati wangoponya kumene, ngakhale madzi a tiyi sangawire pa nthawi imeneyo. Mkaziyo anapemphanso.

“Bambo a Sungeni, kokani ndione.”

“Mayi, za usodzi munaziphunzira liti inu?”

“Sindizidziwa. Ndingofuna kuona chimene mwana wanga akudikira.”

Anakoka. Nayiloni anabwera mopepuka, pulagi ikukhukhuluza mchenga. Mbedza inatuluka yoyera ngati yatsopano. Panalibe ngakhale kachidutswa.

Mafunde anayi okha. Munthu uja anaima akuyang'ana kachitsulo kaja m'dzanja lake, ndipo anazindikira kuti palibe nsomba imene inamubera. Nyambo inkapita ndi funde loyamba. Masiku onse aja, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, msana ukuyaka moto, iye ankalondera mbedza yopanda kanthu.

Mkaziyo sanakalipe. Mphamvu zokalipira analibe. Anamasula mwana, anamugoneka pamiyendo, anagwira m'mphepete mwa chitenje chimene ankaberekera, analuma ndi mano, n'kusolola ulusi wautali ngati mkono. Anaupereka kwa mwamuna wake ndi manja awiri.

Asodzi onse aja anali pomwepo, maso ali pa iye. Mkulu wa mano awiri uja analinso pomwepo. Munthu uja anagwada pamchenga, anakoleka mnofu wina, n'kuyamba kukulunga. Zala zonyamula matumba sizidziwa ulusi. Unkamupulumuka, mfundo inkamasuka. Wina anaseka kuti Mlonda watsegula shopu ya utelala. Iye sanadzutse mutu. Anamanga mpaka inagwira. Anaponya, anawerenga mafunde asanu, anakoka, anayang'ana. Nyambo inalipo. Anaponyanso.

Tsiku limenelo anagwira nsomba zitatu. Zitatu basi, ndipo sindikuwonjezerani kuti nkhani ikome. Mayi uja anamwa msuzi wake, minga anatafuna. Mawa lake zinali zisanu. Sabata isanathe mkaka unayamba kubwerera, pang'onopang'ono. Msana wa bambo uja sunachire, ntchito ya padoko sinabwerere, chitenje chija chinatha m'mphepete monse. Koma mwana anakhala ndi moyo.

Tsopano ndinene ndi inu, amayi ndi abambo a mumpingo muno. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala mlangizi wa mabanja, ndipo palibe wina pano amene waimika maukwati ogwa ochuluka kuposa ine. Abusa anayi abwera ndi kupita, onse ankatumiza milandu yovuta kwanga. Mphasa ya pakhonde langa ndasintha katatu chifukwa cha inu. Koma ndatopa, ndipo chanditopetsa si ndewu zanu. Ndewu ndimazitha. Chanditopetsa ndi mawu amodzi amene mumabwera nawo mutavala bwino, mutakhala motalikirana ngati anthu odikira basi: tikupirira.

Abambo mumati ufa ndimagula, sindimenya, sindigona kunja. Amayi mumati ndimaphika, ndimachapa, sindiyankha mwano. Zonsezo ndi chingwe chabwino, ndi mbedza yabwino. Koma munaponya tsiku la ukwati, ndipo kuchokera pamenepo simunakokepo. Zimene munakoleka tsiku lija zinali zofewa: kuseka limodzi, kufunsana kuti mwaswera bwanji n'kudikira yankho. Simunazimange. Pabwera ana, pabwera maliro, pabwera njala, pabwera achibale odzakhala sabata imodzi n'kutha zaka ziwiri. Funde silidana nanu, kukokolola ndiyo ntchito yake. Makolo anu anakuuzani kuti banja ndi kupirira, ndipo sananame. Koma sanakuuzeni kuti muzipirira mutagwira chingwe chopanda kanthu, ana akuonerera nyumba imene anthu awiri akulu sayankhulana.

Ena a inu mukudziwa kale. Chala chinakuuzani kalekale, mukungoopa kuyang'ana.

Loweruka lino musabwere pakhonde panga. Ndikufuna kupuma, miyendo yanga yatupa. Khalani pansi awiriwiri kwanu komweko, ana muwatume kwina, ndipo wina alimbe mtima afunse mnzake ngati pali chimene chatsalapo. Yankho likakhala loti palibe, musakalipe, musathamangire kwa ankhoswe. Gwadani, kolekani china, mumange ndi zala zanu, ngakhale anthu aseke. Ndipo mawa lake mukokenso muone, chifukwa kuima zaka makumi awiri pagombe si umboni woti kumapeto kwa chingwe kuli kanthu.