Zovala za Khirisimasi mu Mtsuko

Kalekale, msewu uja usanathiridwe phula, kuseri kwa phiri kunali mudzi. Iwe uko, siya kutokosa moto, utsi ukutilowa m'maso! Khala pansi umve.

M'mudzimo munali mayi wina dzina lake Nankhoma. Mwamuna wake anali a Chibwana, munthu wofatsa, wosakonda phokoso. Ana anali atatu. Woyamba Kambani, mnyamata wosakhazikika pansi. Wachiwiri Ndaziona, mtsikana wa maso oona chilichonse. Chitsirizira anali Elube, kamwana kakafupi, koma makani ake ayi ndithu.

Nankhoma anali ndi chilonda mumtima. Khirisimasi ya chaka chinacho, ana ake anapita kutchalitchi atavala zigamba. Pakhomo pa tchalitchi anakumana ndi mlamu wake Nangozo, mlongo wa a Chibwana. Nangozo anawayang'ana anawo kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mlamu, kodi ana a achimwenewa akupita kudimba?"

Amayi onse anaseka. Nankhoma anasekako naye, koma mumtima analumbira kuti sadzasekedwanso.

Ndiye chaka chimenechi, mvula itangoyamba, a Chibwana anabwera ndi phukusi kuchokera kwa telala. Kabudula ndi shati ya mabatani onyezimira, za Kambani. Diresi lofiira, la Ndaziona. Kadiresi kachikasu, ka Elube. Ana anavina. Ana anakuwa. Manja onse anathamangira phukusi lija.

"Manja anu kutali!" anatero Nankhoma.

"Amake Kambani," anatero a Chibwana, "asiyeni ayeseko kamodzi."

"Ayese? Ndi manja a mangowa? Adzavala tsiku lake likakwana. Ndikufuna alongo anu aja adzaone zovala zonunkha kwa telala."

Anamanga phukusi lija n'kulipachika kudenga.

Tsono sukulu inatsekera. Inu ana simudziwa mmene mumatopetsera sukulu ikatsekera. Kumunda udzu ukukula, kunyumba ana akukula pakamwa. Kukacha, Nankhoma asanatsukuluze n'komwe m'kamwa, atatu onse ali kumbuyo kwake.

"Amayi, Khirisimasi ndi mawa?"

"Si mawa!"

"Nanga tingoyesako?"

"Manja anu kutali!"

Apite kuchitsime, ali kumbuyo. Asinje, ali pambali pa mtondo. Ngakhale kubafa, mawu ankalowa kudzera m'mipata ya udzu: "Amayi, Khirisimasi ndi mawa?"

Tsiku lina Nankhoma anachokera kopalira, msana ukuwawa. Polowa m'nyumba, mayo! Mtondo uli pakati pa nyumba, pamwamba pa mtondo chitini, phukusi lili pansi lomasula. Kambani anali atalowetsa mwendo umodzi mu kabudula uja.

"Tulutsa mwendowo! Tulutsa, ndisanakutulutsire ine!"

"Amayi, winawu ulowenso basi."

"Ndati tulutsa!"

Mwendo unatuluka. Nankhoma anamanganso phukusi, n'kudikira ana apite kokatola mango. Analiika mu nkhokwe, pansi pa tichimanga totsala, n'kuchotsa makwerero.

Kukacha, nyimbo yomweyo.

"Amayi, Khirisimasi ndi mawa?"

"Si mawa!"

"Nanga tingoyesako?"

"Manja anu kutali!"

Koma mwana wa munthu ukamuchotsera makwerero amakwera pa mnzake. Nankhoma pobwera kuchitsime anaona miyendo iwiri ikupalasa m'mwamba pa nkhokwe. Pansi pake Ndaziona ataima, Kambani atamuponda paphewa, ndipo Elube akulondera njira koma akuyang'ana kolakwika. Ndowa ya madzi inatayika. Nkhuku zinabalalika. Ana anathawira ku nthochi.

"Ana inu mundipha! Ndinalakwanji ine? Anzanga anabereka ana, ine ndinabereka anyani a m'phiri!"

A Chibwana anali pakhonde akusema mpini. Anayankhula osadzutsa mutu.

"Amake Kambani, akanangoyesa kamodzi, bwenzi mtima wawo utakhala pansi."

"Inu ndinu amene mumawapatsa mphamvu. Semani mpini wanuwo."

A Chibwana anasema mpini wawo.

Apa Nankhoma anaganiza mozama. Kumwamba ana amakwera. Nanga pansi? Anathamangitsa onse kuti akatole nkhuni. Anatsitsa phukusi n'kuliika pakhonde, n'kupita kuseri kukatenga khasu. Pobwera anakumana ndi Elube akutuluka m'nyumba atavala juzi yakale ya bambo ake, yofika m'mapazi.

"Iwe, sindinati ukatole nkhuni?"

"Ndikupita, amayi."

Kanathamanga, juzi ikukwekwereza pansi. Nankhoma anapukusa mutu. Analowa m'khitchini, nakumba dzenje pakona. Anatenga mtsuko wakale wong'aluka kumunsi, nakankhiramo phukusi lija osalimasula. Anavundikira ndi phale, nakwirira, nazira bwinobwino. Pamwamba anakhazikapo mtondo. Anapukuta manja n'kuseka yekha.

"Kwerani tsopano, tione."

Ana anafufuza. Anafufuza kudenga. Anafufuza mu nkhokwe. Anafufuza m'khola la nkhuku mpaka kutuluka ndi utitiri. Sanapeze kanthu. Nankhoma akamaphika ankayang'ana mtondo uja, mtima uli m'malo.

Koma mtendere wa mayi wa ana sukhalitsa. Vuto latsopano linali Elube. Juzi ija sankavulanso. Dzuwa likaswa mtengo mvula itakata, thukuta kamukamu, iye ali mu juzi.

"Vula chimenecho, upsa!"

"Ndikumva kuzizira."

"Bwera ndikusambitse."

"Andisambitsa a Ndaziona!"

Nankhoma akamugwira dzanja, kamwanako kankadzigwetsa pansi, kulira mokuwa mpaka anthu a nyumba zina kusuzumira. Ndaziona ankabwera msangamsanga. "Musavutike amayi, ndikamusambitsa ndine." Nankhoma anatopa nazo. Anali ndi munda wopalira, mpunga wopeta, tambala wothamangitsa. Anangoti, "Khala nayo juzi yakoyo, udzakwatiwe nayo."

Mvula inagwa. Inagwa, inagwa. Ngumbi zinatuluka, ana anatola zodzaza mbale. Nthaka inafewa mpaka m'nyumba.

Kenaka tsiku lija linafika.

"Amayi, Khirisimasi ndi mawa?"

"Ndi lero! Kasambeni!"

Kambani, amene ankathawa madzi ngati mbuzi, anasamba mpaka kuseri kwa makutu. Ndaziona anadzola mafuta n'kuwala. Onse anaima pakhomo pa khitchini, Elube ali ndi juzi yake. Nankhoma anasuntha mtondo monyadira. Anakumba. Anavundukula phale.

Anasuzumira m'katimo.

Mu mtsuko munali dothi lofiira, ndipo dothilo linkayenda. Chiswe! Chinalowera pa mng'alu uja. Nankhoma anapisa dzanja, natulutsa kansanza kofiira. Anapisanso, natulutsa lamba wa kabudula, kabudula wake palibe. Anakhuthula mtsuko wonse pansi. Mabatani onyezimira aja anagubuduka, ali bwinobwino, opanda shati.

Nankhoma anakhala pansi, miyendo tambalale. Nkhope ya Nangozo inamubwerera m'maso. Koma chimene chinamuswa mtima ndi Kambani. Mnyamatayo sanalire. Anangotola batani limodzi, nalipukuta ndi chala.

"Ine ndinangolowetsa mwendo umodzi," anatero.

Pamenepo mayiyo analira. Analira ngati mwana, manja kumutu. A Chibwana anabwera, naima pakhomo, nayang'ana chiswe chija. Mawu awo akale aja anali pakamwa, koma anawameza.

Elube anasendera pafupi, nagwira phewa la amayi ake.

"Amayi, musalire. Langa sichinadye."

Anakweza juzi ija. M'kati munali kadiresi kachikasu. Pachifuwa panali madontho a mango. M'mphepete munali matope. Pathumba panali mafuta a ngumbi. Koma kanali kathunthu, kopanda kabowo ngakhale kamodzi.

"Iwe! Unatenga liti?"

"Muja munapita kukatenga khasu."

"Ndiye masiku onsewa?"

"Ndimagona nalo. Ndimavula posamba pokha."

Nankhoma anatembenukira kwa Ndaziona. Ndaziona anayang'ana kudenga. Mayiyo anakweza dzanja kuti amenye kamwana kaja. Dzanja linaima m'malere. Amenye chiyani? Mwana wosamvayo ndi yekhayo anali ndi chovala cha Khirisimasi.

"Ana inu," anatero, akupukuta misozi ndi mamina, "ana inu mundipha ndithu."

Belu loyamba linalira kutchalitchi. Nankhoma anadzuka. Anatola mabatani onse, nawasokerera pa shati yakale ya Kambani, singano ikuthamanga. Kenaka anatsegula sutikesi yake. Pansi penipeni panali chitenje chake chatsopano, chimene ankasungira tsiku lalikulu lomwe silinkafika. Anachifunyulula, namuveka Ndaziona.

"Amayi, ndikachidetsa?"

"Ukachidetsa tidzachapa. Tiyeni."

Pakhomo pa tchalitchi, Nangozo anali pomwe paja, maso ali tcheru. Anayang'ana shati ya zigamba yonyezimira mabatani. Anayang'ana chitenje chofika m'khwapa. Kenaka maso anatera pa Elube, amene ankazungulira kuti diresi liuluke.

"Mlamu, diresi la Khirisimasi lada kale tisanalowe n'komwe?"

Amayi ena anayamba kuseka. Nankhoma anayang'ana madontho a mango aja, kenaka anamunyamula Elube n'kumuika m'chiuno.

"Eya mlamu, lada," anatero. "Walidetsa mwini wake. Enawa ndinawasungira bwino kwambiri, mpaka anawavalira ndi chiswe. Tipatseni njira tilowe."

Nangozo anapatuka. Kambani analowa patsogolo, chifuwa chili patsogolo, kuti aliyense aone mabatani.

Nthano yanga yafika pamapeto, nkhuni nazo zanyeka, tiyeni tikalowe. Chabwino ukawamana ana ako pofuna kudzaonetsa anthu, amadzasangalala nacho ndi chiswe.