Kanyenda ndi Malo Osalimidwa

Padangokhala. Yankhani, koma wina asaseke, iyi si yoseketsa.

Kalekale kudali munthu wina dzina lake Kanyenda, wosema mitondo ndi misi. Ankakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wake, Nangozo, ndipo chikamwinicho chidamufika pakhosi. Munda wa apongozi, nkhokwe ya apongozi, ngakhale mthunzi wopumirapo wa apongozi. Zaka zisanu ndi ziwiri zidatha m'banjamo mulibe mwana. Chaka chotsatira Nangozo adaima.

Kanyenda adati, "Mwana ameneyu abadwire pamalo anga."

Adanyamuka kupita mudzi wa kuseri kwa phiri. Kumeneko adapeza bambo wina, Chagunda, akugulitsa malo m'mbali mwa mtsinje. Dothi lakuda bii, udzu wolekeza m'khosi, khasu silidagwepo chiyambire.

"Malo abwino chonchi osalimidwa bwanji?" adafunsa Kanyenda.

"Ulesi, achimwene," adatero Chagunda. "Anthu akuno ndi aulesi basi."

Bodza lenileni! Chagunda ankadziwa, ndipo adayankha maso ali gwa, munthu woipa mtima ameneyo.

Musati Kanyenda sadafufuze, adafufuza ndithu. Adapita kwa bambo wolima moyandikana ndi malowo. "Malire ali pati?" Bamboyo adamuyendetsa kuchokera pachulu mpaka pamkuyu. Adapita kwa mkulu wa adzukulu, aja okumba manda. "Kodi pamenepaja padaikidwapo munthu?" Mkuluyo adati, "Ife sitidakumbepo. Manda athu ali kumsitu uko." Ndipo sadaname, adanena zimene ankadziwa.

Kanyenda atabwerera kunyumba, Nangozo adati, "Bambo, ndiperekezeni ndikacheze ndi amayi akumeneko pachitsime. Ndikamve nawo."

"Mukamve chiyani? Ndafunsa amuna atatu. Za malo ndi za amuna, inu samalani mimbayo."

Ha! Pakamwa pamenepo. Adapereka ng'ombe yake, imodzi yomweyo, malo nkukhala ake.

Tsiku limene adayamba kulambula, padabwera mayi wina wachikulire, Nankhoma, mzamba wa m'mudzimo. Adaima patali, panjira.

"Bambo, akazi anu ali kuti? Ndili nawo mawu."

"Nenani kwa ine."

"Si mawu a amuna."

"Ndiye bwererani nawoni."

Akuzika nsichi, mayi uja adabweranso. Yankho lomwelo. Akufolera denga, adabwera kachitatu, ndipo Kanyenda adamuingitsa ngati nkhuku yodya mphale. Nankhoma adapukusa mutu, nkumapita.

Nyumba itatha, Kanyenda adakatenga mkazi wake, mimba ili pafupi. Amayi a m'mudzimo ataona mimbayo adagwira pakamwa. Anenenso bwanji? Pali nkhani zina zimene mayi wapakati sauzidwa. Ankamutungira madzi, ankamutolera nkhuni, ankamupatsa moni wachifundo, koma zonse ankatulira panjira. Pabwalo sadapondepo ndi mmodzi yemwe.

"Bambo, anthu awa akuopa chiyani?" adafunsa Nangozo.

"Nsanje," adatero Kanyenda.

Tsiku lidafika, dzuwa lili paliwombo. Apa ndiye amayi sakadachitira mwina, adalowa, Nankhoma ali patsogolo. Mwana adabadwa, wamwamuna, koma osalira. Adamuwaza madzi ozizira, osalira. Adamuuzira mpweya, osalira. Adagogoda khasu pafupi ndi khutu lake, chete. Abale anga, ndikafika apa mtima umandiwawa. Zaka zisanu ndi ziwiri!

Mwana wotere amatchedwa nthayo. Anthu salira maliro ake, adzukulu samukumbira manda, amuna saperekeza. Amayi okha ndiwo amamunyamula mwakachetechete, nkukamuika padzenje losaya, pamalo awoawo amene amuna sawatchula.

Kanyenda adali khale pakhonde, mutu uli m'manja. Amayi adatuluka ndi kamtolo kokulunga m'nsanza. Iye adadzuka.

"Amayi, mwambo ndikuudziwa, sinditsatira. Ingondilozerani mbali imene mukupita naye, ndizikhala ndikuyang'anako."

Nankhoma adamutembenukira.

"Tipite kuti, bambo? Tafika kale. Ana athu onse otere timaika pano, kuyambira agogo athu. Anga awiri ali pansi pa khonde mwakhalapolo. Wa akazi a Chagunda ali kuchipinda kwanu. Tembenukani, tigwire ntchito."

Kanyenda adatembenukira kukhoma. Kuseri kwa nyumba yake khasu lidayamba kulira.

Nangozo adamva zonse ali pamphasa. Sadakuwe, sadatukwane. Miyendo italimba adamanga kachitenje kake nati, "Miyezi iwiri ndagona pamwamba pa ana a anzanga. Ine ndidapempha kuti ndikafunse." Adabwerera kwa amayi ake, ndipo sadalolenso kuti Kanyenda aponde pakhomo pawo.

Kanyenda adathamangira kwa Chagunda. "Bwanji simudandiuze?"

"Achimwene, zimenezo mwamuna amazitchula? Komanso mudandifunsa za kulima, ine nkukuyankhani za kulima."

Nyumba ija palibe adaigula, palibe adaibwereka. Kanyenda adakhalamo yekha mpaka imvi, poti kuchoka kudali kusiya mwana wake.

Mundifunsa ngati malowo ndiwo adapha mwana. Sindikudziwa, ndipo musandikakamize kunama. Chimene ndikudziwa ndi ichi: pogula malo, wogulitsa amanena zomukomera, woyandikana naye amadziwa malire, koma za pansi pa dothi amadziwa ena, kawirikawiri omwe iwe ukuwayesa opanda mawu. Funsa amuna, funsa amayi, ndipo wina akaima panjira nati ali ndi mawu, siya khasu umumvere. Nawenso wogulitsa, ukabisa chimene ukudziwa, misozi ya wogulayo ili pamutu pako.

Nthano yanga yathera pomwepa. Phulani mbatata zanuzo mudye, ine lero sindidya nawo.