Amene Anaima Kumbuyo kwa Gologolo

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chisanamasule, ndipo m'dambo la Nsanjiko munatsala dziwe limodzi lokha. Madzi ake anatsika kwambiri, gombe n'kusanduka chiphompho. Nyama zikuluzikulu zinkangowerama n'kumwa. Zing'onozing'ono zinkatsetsereka, ndipo zina sizinkabwerako.

Mayi Nkhwali anali atataya kale anapiye awiri padziwepo. Tsiku lina anapeza Gologolo atagona patsinde pa msuku, nthiti zikuonekera. Iwo anali ndi kamtedza kochepa, koma anakagawa pakati n'kumupatsa osafunsa kanthu. Gologolo atadya anapukuta pakamwa, timaso take n'kuyambanso kuthamangathamanga.

Inali nyengo yosankha phungu wokayankhulira dambolo ku Nyumba ya Malamulo ya nyama, imene inali paphiri. Ofuna mpando anali awiri. A Njati ankati choyamba ndi msewu waukulu, woti anyanga aziyenda anayianayi osakolana. A Nguluwe ankati mipanda yonse ya m'minda igwetsedwe, poti chakudya n'cha aliyense amene ali ndi mphuno yofukulira. Za gombe la dziwe panalibe amene anatchulapo.

Kumeneko sankaponya mapepala posankha. Wofuna mpando ankaima pabwalo atayang'ana kutsogolo, omufuna n'kundanda kumbuyo kwake, ndipo sankaloledwa kucheuka mpaka a Kakowa atamaliza kuwerenga mitu. Komanso kuti wina aime, pankafunika nyama ziwiri zikuluzikulu zomuvomereza.

“Mayi anga,” anatero Gologolo, “a Kakowa amawerenga mitu, sawerenga minofu. Ang'onoang'onofe tilipo ambiri. Nditapita kuphiri ine, mawu anga oyamba angakhale a gombe lija.”

Mayi Nkhwali anafunsa kuti nanga wamkulu womuvomereza amupeza kuti. Iye anangoseka, n'kunena kuti zimenezo amusiyire.

Anayamba ndi a Njati. Anawapeza akukanda msana pamtengo, ndipo anagwada chapatali n'kuomba m'manja. Anawauza kuti a Nguluwe akugawa mbatata m'makwalala onse, moti ang'onoang'ono atsala pang'ono kuthera kumeneko.

“Ndiye ukuti ndichite chiyani, kamwana iwe?”

“Mundivomereze ndiime nawo, bwana. Kupambana sindingapambane, mukundiona nokha mmene ndililimu. Ndingowanyenyako a Nguluwe mzere wawo, inu mudutse bwino.”

A Njati anaseka mpaka ntchentche kubalalika. Anamuvomereza, n'kumupatsanso mapira ndi mtolo wa nsalu zojambula nyanga kuti akagawire anzake.

Kwa a Nguluwe kunali kovutirapo. Gologolo asanamalize moni, iwo anamununkhiza kuyambira kumutu mpaka kumchira.

“Ukununkha Njati iwe.”

Nkhope ya Gologolo sinasinthe. “Ndachokera komweko, malume. Ndinapita kukakuzonderani. Zimene ndaona kumeneko sizogonera tulo.”

Anawafotokozera za mapira amene a Njati akugawa, ndipo anaonetsa ngala imodzi ngati umboni. A Nguluwe anafwenthera, n'kumuvomereza nawonso kuti akanyenye mzere wa a Njati. Gologolo anachokako atasenza mbatata ndi nsalu zojambula mano.

Kenako anasonkhanitsa ang'onoang'ono onse pachulu. Anagawa nsalu za uku ndi za uku, n'kuwalangiza kuti azivala, azidya ndiponso aziimbira aliyense wowaitana. “Nsalu siivota,” anatero. “Amavota ndi mapazi.”

Mayi Nkhwali sizinawakomere kudya za mwini uku ukumunamiza. Koma anakumbukira anapiye awo awiri aja, n'kuvomera kuthandiza. Ndiwo amene anayenda una ndi una, chisa ndi chisa, kuuza mbewa, achule, atimba ndi akanungu kuti mwana uyu ndi wathu, ludzu lathu amalidziwa.

Tsiku lisanafike, a Njati anakumana ndi mbewa zitavala nsalu za mano. Anamutsekera njira Gologolo, nyanga zili pansi. Iye anawanong'oneza kuti zimenezo n'zongowagoneka tulo a Nguluwe. A Nguluwe nawonso ataona achule atavala za nyanga, anamva mawu omwewo. Onse awiri anagona mtima uli m'malo.

Pa tsiku losankha atatuwo anaima pabwalo, maso kutsogolo. Woyamba kuima kumbuyo kwa Gologolo anali mwanapiye wamng'ono wa Mayi Nkhwali, amene anathamanga kupitirira amake. A Kakowa anayenda pang'onopang'ono ndi miyendo yawo yaitali ija, kenako anati onse acheuke. A Njati anapeza abale awo okha. A Nguluwe chimodzimodzi. Mzere wa Gologolo unafika pachulu n'kukhota, wonse utavala nyanga ndi mano.

Akuluakulu awiriwo anamulondola limodzi, koma anangogunda tsinde la msuku. Gologolo anali kale kunsonga, akuseka n'kumawathokoza chifukwa chomuvomereza.

Kuphiri mawu ake oyamba anali akuti aphungu azikhala ndi nkhokwe yawoyawo ya mtedza, poti wanjala sayankhula zomveka. Achiwiri anali akuti mitengo ya masuku isamadulidwe. Kudambo ankangomva kuti mchira wake wakula ndipo ukunyezimira. Ang'onoang'ono ankauzana kuti adikire, zinthu za kuphiri zimayenda pang'onopang'ono.

M'chilimwe cha chaka chachitatu dziwe linatsikanso, ndipo Mayi Nkhwali anataya mwana wina. Anali yemwe uja anaima poyamba pamzere.

Mayi Nkhwali anayenda masiku awiri kupita kuphiri. Pachipata panali a Nungu, amene anati Olemekezeka ali pamsonkhano. Ataona mapazi awo ali mbuu ndi fumbi, a Nungu anawasunthira pamthunzi n'kuwapatsa madzi m'chipanda chawo. Dzuwa litapendeka Gologolo anatuluka ndi anzake. Mayi Nkhwali anagwada n'kuyamba kufotokoza za mwana uja.

“Pepani kwambiri, Mayi Nkhanga,” anadula Gologolo, maso ali kwina. “Nkhani yanu ili m'manja abwino.”

Njira yonse yobwerera Mayi Nkhwali sanalire. Chimene chinkangowabwerera m'mutu ndi dzina lija.

Patapita masiku angapo anatenga anapiye otsala kupita kudziwe, n'kupezako a Njati akumwa. Tianato tinaima m'mphepete mwa chiphompho, tikusuzumira madzi n'kumabwerera m'mbuyo. A Njati anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anazika nyanga pagombe n'kuyamba kugumula, uku akupondaponda ndi ziboda, mpaka panakhala potsetsereka bwino poti ngakhale nkhono n'kutsika. Anachokapo ali matope okhaokha Mayi Nkhwali asanapeze mawu othokozera.

Chaka chachisanu Gologolo anatsika kuphiri ndi mtedza ndi nsalu zojambula nkhope yake. A Nguluwe anali atazisiya zandale, koma a Njati anaimanso, akadali ndi nkhani yawo ya msewu. Omuvomereza tsopano sankasowa kwa Gologolo, poti anzake a kuphiri analipo. Dzina la Mayi Nkhwali analikumbukira bwino lomwe ulendo uno. Anawagwira dzanja ndi manja awiri, n'kulonjeza kuti pagombe paja adzaikapo makwerero a miyala. Iwo analandira nsalu n'kuthokoza mwaulemu. Ang'onoang'ono onse analandira, anavala, anadya mtedza, n'kumuimbira mpaka mawu kusasa.

Pabwalo Gologolo anaima pafupi ndi a Njati, maso kutsogolo. Kumbuyo ankamva timapazi tambirimbiri tikupalasa fumbi, ndi nyimbo yotchula dzina lake. Anatukula chifuwa. Anayamba kuganizira mawu amene anene akapambana, ndi nthambi imene athawireko a Njati akapsanso mtima.

A Kakowa anawerenga mzere umodzi nthawi yaitali. Pa winawo sanachedwepo.

“Olemekezeka, cheukani.”

Gologolo anacheuka. Kumbuyo kwake kunali mchira wake, kenako bwalo lopanda kanthu mpaka kuchulu. Nkhope yake inali paliponse, pamsana pa mbewa, pa achule, pa atimba, koma yonse itandanda kumbuyo kwa a Njati.

“Mayi anga,” anatero, “nsalu mwavalayo si yanga kodi?”

“Ndi yanu, achimwene. Munatiphunzitsa nokha kuti amavota ndi mapazi.”

Ena anaseka, koma Mayi Nkhwali sanaseke nawo. Ngati a Njati akakumbukire gombe akakafika kuphiri, iwo sankadziwa. Anangoitana anapiye awo n'kulowera kudziwe, poti dzuwa linali litakwera ndipo ana anali ndi ludzu.

A Kakowa anafunsa mwaulemu ngati mchirawo auwerengere, kuti Olemekezeka asapite chimanjamanja. Gologolo anakwera msuku uja mwakachetechete.

Mukadzamuona gologolo pamtengo, mudzapenyetsetse. Amathamanga pang'ono, n'kuima, n'kucheuka, mchira atauimika m'mwamba ngati mbendera. Musamuseke kwambiri. Akungotsimikiza kuti mmodzi yekha amene anaima kumbuyo kwake uja sanasamukire kwa a Njati.