Lubani wa Malemu ndi Msana wa a Kachingwe

"Chilombo chimenecho ndikadachipinda ngati mphasa," anatero a Kachingwe pachitsime, "koma bondoli. Wobweza chitsambacho ndidzamubereka kumsana, mudzi wonse ukuona!"

Ndaziona, mwana wa mlongo wawo, anayang'ana bondolo. Dzulo lodwala linali linalo.

Kale m'mudzi wa m'mphepete mwa chipululuwo kunkacha ndi fungo la lubani. Mayi ake a Ndaziona anali ndi chitsamba chimodzi chopotoka, chomera pathanthwe. Ankachikanda pang'ono ndi kampeni, n'kudikira masabata awiri kuti utomoni uume, n'kufukiza nsalu zawo. Lamulo linali limodzi: osatema mwakuya. Iwo atamwalira, a Kachingwe anabwera ndi chikwanje, ati mwamuna sadikira, natema mwakuya. Fungo linafika kutali, ndipo Chinunkhiza, chilombo cha mitu isanu, chinadzazula chitsambacho. Nsalu ya malemu inayamba kumveka ngati nsalu wamba.

Ndaziona ananyamuka kukasaka chilombocho ndi chipanda cha madzi ndi timibulu tiwiri ta lubani totsala. Tsiku lachitatu anapeza buluzi atauma kukhosi, namumwetsa.

"Mitu isanu, mimba imodzi," anatero buluzi. "Ingakanganirane chiyani?"

"Fungo. Uliwonse uli ndi mphuno yake."

"Basi, chemwali, ine ndalankhula zambiri." Analavula khala lamoto losazima, nalowa pansi pa mwala.

Mtsikanayo anapeza chilombo chikukukuta makungwa, chitsamba chitafota.

"Agogo, lubani sadya ngati chinangwa. Taonani."

Anaika khala ndi kambulu kamodzi mumng'alu wa thanthwe wokwana mutu umodzi. Utsi utakwera, Ndaziona anatsala pang'ono kuitana amayi ake. Koma mitu inali itayamba kale.

"Choka, wamkulu ndine!"

"Wamkulu wa chiyani? Tinabadwa tsiku limodzi!"

Inalumana, inang'ambana, mpaka wotsala unadzipanikiza mumng'alumo. Chilombo chonse chinasanduka mwala. Akuti mpaka lero chili chiweramire.

Ndaziona anabwezera chitsamba pathanthwe lake, nafukiza nsalu ya malemu ndi kambulu kotsala, napita nayo kuchitsime. Anthu anali atadzaza.

"Mwanawe, bondoli..." anayamba a Kachingwe.

"Liti, malume? Ladzulo kapena ladzana?"

Azimayi anaseka mpaka kutula mitsuko. A Kachingwe anawerama, ndipo azimayiwo anawamangirira Ndaziona kumsana ndi nsalu ija. Atayenda pang'ono, fungo la mlongo wawo linawapeza.

Anazungulira chitsime kamodzi, anthu n'kunena kuti lonjezo latha. Iwo anazunguliranso kachiwiri, popanda wowatuma.