Ufa wa Felix pa Maliro a Kwacha

Kwa Zulu, mudzi wa Angoni, kunalibe munthu wanthabwala ngati Mateyo, dalaivala wa thiraki. Achifwamba atapha mng'ono wake Kwacha n'kumulanda njinga yamoto ya kabaza, Mateyo anaumitsa maso, ati mwamuna salira. Maliro onse anangoti piringupiringu, uku akuwaza nkhuni, uku akuseketsa adzukulu mpaka kugwetsa makasu. Kunena zoona, uku kunali kuthawa basi.

Mng'ono wake wotsala, Fletcher, ankalira yekha kuseri kwa nkhokwe, ndipo zinamuwawa kwambiri.

"Achimwene, kodi taika munthu kapena mbuzi? Tikangometa, ine ndi inu tisadzadziwanenso."

"Iwe lira za tonse, ine ndatanganidwa," anatero Mateyo, mano ali poyera koma mtima ukuwira.

Tsiku lometa kunatulukira Felix, dalaivala mnzake wa Mateyo, Mbemba wa ku Zambia. Pajatu Abemba ndi Angoni ndi pachisuweni. Pamaliro amanyozana mwadala, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Felix anatapa ufa m'lichero n'kumupaka Mateyo kumaso mpaka anayera mbuu.

"Angoni inu mwataya yekhayo wodziwa kuyendetsa. Kwatsala iwe wogona pachiwongolero."

Kenaka anagoneka mtondo n'kuukwera ngati njinga, khosi atapendeketsa, akuliza hutala ndi pakamwa monga ankachitira Kwacha akaona atsikana pamsika. Anthu anafa nalo phwete. Mateyo anaseka mpaka kugwira nthiti, anagwada, anagubuduka m'fumbi. Kuseka kuja kunasanduka kubuma, misozi ikulemba mizere mu ufa.

"Kwacha, mwana wa amayi anga, anakutema uli wekhawekha ine ndikudya ku Chipata."

Fletcher anataya mpando, anathamanga n'kumugwira mkulu wakeyo ndi manja awiri.

"Achimwene, ndimayesa ndatsala ndekha."

"Ndinkaopa, mng'ono wanga. Ndimati ndikayamba sindisiya."

"Musasiye. Ndili pompano."

Analira awiriwo atakumbatirana, onse oyera ufa ngati mbewa zotuluka m'chigayo, mpaka anthu anasowa chochita, kuseka kapena kulira. Ambiri anachita zonse ziwiri, Felix yemwe. Pometa, abale aja anakhala pa mphasa imodzi, ndipo lumo linadutsa pamitu yawo motsatizana.

Akuluakulu sananame, maliro n'kulirana.