Thanki Nayonso Imapuma

Pamalo omwetsera mafuta onse ankamutcha Gwedeza. Pampu ikati thi kusonyeza kuti thanki yadzaza, iye ankatsika mu takisi yake, n'kuigwedeza uku ndi uku kuti petulo alowenso, mpaka aonekere kukamwa.

Mlamu wake, makanika, adamva fungo la petulo pagalimotoyo ndipo adamuitanira pansi pake.

"Alamu, mukuona kachitini aka? Muli makala. Petulo akatenthedwa amatulutsa nthunzi. Nthunziyo imadutsa m'kapaipi, makala n'kuisunga kuti isathawire kunja. Injini ikaliza, kavavu, kachitseko kakang'ono ka panjira ya nthunziyo, kamatseguka, injini n'kuikoka pang'onopang'ono, n'kuiwotcha. Malo mumawaona ngati otsala m'thankimo ndi opumira. Mukamakakamiza, petulo amasefukira m'makalamu."

"Ndidayamba kuyendetsa inu mukukwawa," adatero Gwedeza akusasa fumbi m'mawondo. "Zimenezo ndimazidziwa."

Sankazidziwa. Makala adanyowa, adafumbutuka, tizidutswa take tidakatsakamira m'kavavu, kavavuko n'kutsala kali yasa. Kanyali kachikasu kochenjeza za vuto kadayaka kutsogolo kwa chiwongolero, Gwedeza n'kumatapo chithunzi cha mwana wake wamkazi. Koma kumukonda ankamukondadi mwanayo, izi tisamunamizire.

Mwanayo adaitanidwa kumayeso olowera sukulu ya unamwino, mwayi umene adaudikira nthawi yaitali. Adati akwera basi m'mamawa. Bambo adakana kwamtuwagalu.

"Mwana wa mwini galimoto akapanikizane m'basi? Ndikakutula pakhomo penipeni."

Panjira adaima kuti amwetse. Pampu idati thi, iye adatsika, adagwedeza monga mwa masiku onse. Atabwerera pampando n'kupotokola kiyi, injini idangokhosomola. Nthunzi yonse ya m'thanki idali itathamangira mu injini kudzera pakavavu kosatseka kaja, n'kuitsamwitsa. Adayesanso, adayesanso, mpaka batire idafooka. Ogulitsa mafuta adakankha, thukuta kamukamu, osaphula kanthu.

"Ababa, ndithamangire basi," adatero mtsikanayo.

"Dikira pang'ono, iliza pompano."

Adadikira, poti ndi bambo ake. Pamene ankapeza basi dzuwa lidali litakwera, ndipo kusukuluko adapeza chipata chotseka. Mlonda adamuuza mwaulemu kuti adzayesenso chaka chamawa.

Madzulo mtsikanayo adabwerera kunyumba, nsapato zili m'manja. Adagwada, adapereka moni kwa bambo ake monga mwa nthawi zonse, osadandaula ngakhale liwu limodzi. Zimenezo ndiye zidamulasa mtima Gwedeza kuposa kutukwanidwa.

Akuluakulu sadaname: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.