Mwala wa M'mimba mwa Dona

Ku Buchi, mu Kitwe, kuseri kwa msika, kunali nyumba imene makondakitala a minibasi ankaitchula kuti "pa mashini." Pabwalo pake panalibe duwa kapena mzere wa repu. Panali mashini akalekale ochapira zovala, ena a migolo iwiri, ena a diso lagalasi pamimba, ena oumitsira, onse atandanda ngati odwala pamzere wa kuchipatala. Mwini wake anali a Ezekiel Daka, munthu wa ku Katete amene anakalambira pa sikelo ya ogula zitsulo zakutha ku Ndola. Atapuma ntchito anayamba kuyendayenda m'mayadi a ku Parklands kupempha mashini amene azungu a m'migodi anasiya, n'kumawakankhira kwawo pa wilibala. Bwalo litadzaza anayamba kuunjika m'nyumba, mpaka khomo lakumbuyo linakwiririka, banja lonse n'kumadalira lakutsogolo lokha.

Chodabwitsa n'chakuti zovala za pakhomopo zinkachapidwabe ndi manja a mayi Matilda, akazi awo. Tsiku lina, chitsulo chadzimbiri chitawang'ambira chitenge chatsopano, mayiwo anaika beseni pansi.

"Atate ake Purity, ine ndatopa kukhala m'manda a mashini. Mwa onsewa, ndionetseni amodzi okha ochapa bulangeti langa la ukwati n'kuyera. Akachapa, sungani gulu lanu lonse, sindidzayankhulanso. Akalephera, ndiitana Festus wogula zitsulo abwere ndi kalole kake, adzasese mpaka bawuti yomaliza."

"Wanena wekha, amake Purity," anayankha a Daka akusisita ndevu. "Ukonzeretu manyazi. Dona akuonetsa."

Dona anali mashini amene ankawakonda koposa, oyera ngati dzira, otuluka m'nyumba ya bwana wina wa mgodi. A Daka anamukokera m'chipinda chochezera, anamugoneka pa masaka, n'kuyamba kumuchita opaleshoni. Anasintha lamba, anatsuka mota, anapala dzimbiri mpaka munthu n'kumadziona nkhope. M'manja mwawo munali luso ndithu, palibe angakane. Koma atavula chivindikiro chapamwamba anangoti kakasi. Pamwamba pa mgolo panali chimwala cha simenti, chomangidwa ndi mabawuti akuluakulu.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Amake Purity, bwera udzaone ukathyali! Ine ndakhala pa sikelo moyo wanga wonse. Ndapeza mchenga m'mapaipi, ndapeza njerwa m'mafiriji, ndapeza matope m'matanki a galimoto. Sindinkadziwa kuti ngakhale azungu ankaika miyala m'katundu kuti alemere!"

Mayi Matilda anasuzumira. "Nanga wakuba amamanga mwala ndi mabawuti okongola chonchi? Taonani mmene wakhalira, ngati anaumbira pomwepo. Bwanji osakafunsa kwa okonza mafiriji aja pamsika? Ndi pafupi pompa."

"Ndikafunse ana a dzulo? Ine mwala wa chinyengo ndimaudziwa ndi fungo."

Anatenga sipana, anamasula, n'kugubuduzira chimwalacho kunja. Atapeza china pansi pa mgolo, nachonso anachichotsa, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Dona anapepuka moti ankatha kumukankha ndi bondo limodzi. "Wamva bwanji, Dona? Zaka zonsezi anakusenzetsa mtanda wa eni ake."

Tsiku la mlandu linafika magetsi alipo. A Daka anavala malaya oyera ngati akupita kukalalikira. Analumikiza paipi ya madzi, anathira sopo, analowetsa bulangeti lija, lolemera ngati chikopa cha mvuu, n'kupotokola kabatani. Dona anayamba kumeza madzi mwaulemu, mgolo ukuzungulira pang'onopang'ono, thovu likuoneka pagalasi. Mayi Matilda mtima unayamba kuwauza kuti mwina agonjadi.

"Pita ukaitane a Pauline," anatero a Daka, chifuwa chili patsogolo. "Nkhani yotere imafuna mboni."

Mayiwo atatuluka n'kukoka chitseko, Dona anafika pa gawo lofinya madzi. Poyamba ananjenjemera ngati wogwidwa malungo. Kenako anatukula phazi limodzi, n'kuliponda, anatukula lina. Gu! Gu! Gugugu! Mbale zinayamba kuyankhulana m'kabati, chithunzi cha ukwati chinagwa chafufumimba, ndipo Dona ananyamuka ulendo. Anadutsa pakati pa mipando akutekesa chiuno kuposa namwali wa pachinamwali, anazula paipi, madzi n'kuti phwaa pansi ponse, mpaka anakaima pachitseko n'kuyamba kuchiguguda ngati wobwera kudzalanda katundu.

A Daka anamulumphira pamsana kuti amugwire. Atangokhalapo, Dona anafatsako pang'ono. Atati atsike kuti akazimitse pakhoma, anadumphanso ngati bulu wolumidwa ndi mavu. Kuyang'ana pansi, madzi afika pa waya amene iwo omwe analumikiza ndi tepi. Anapinda miyendo mwamsanga n'kukhala pamwamba pomwepo, manja atagwira m'mphepete.

Kunja, mayi Matilda ndi a Pauline, mnansi wawo wogulitsa vitumbuwa, anakankha chitseko koma osatheka. Anathamangira kumbuyo, anakumbukira kuti kulibe khomo. Anabwerera pawindo la zitsulo n'kuona bambo wa nyumba akugwedezeka, masaya akuvina paokha, magalasi ali pachibwano.

"Mwebantu! Bashi Purity akwera chiwanda!" anakuwa a Pauline m'Chibemba. Ndiwo ankatsogolera mapemphero a amayi kumpingo kwawo, choncho sanachedwe. Analowetsa dzanja pawindo. "Tuluka! Tuluka mwa iye!"

"Si-si-si chi-wa-wa-nda!" anayankha a Daka, mawu akuduka ngati wailesi yakutha mabatire. "A-a-ku-fi-fi-nya!"

"Akufinya ndani, bulangeti kapena inu?" anafunsa mayi Matilda, misozi ya phwete ili mbwembwembwe. "Ndiye tizitere, atate ake Purity? Ine ndikafuna kuchapa, inu muzikwera?"

Anthu a pamsika anasiya malonda. Makondakitala anabwera kudzafunsa ngati minibasi ya mudala ili ndi malo. Wina ankaomba m'manja motsatira kugunda kwa chitseko, ndipo amayi awiri ogulitsa kapenta anayamba kuvina. M'katimo munamveka kuti thwa! kenako khwehwehwe, fungo la mphira wopserera n'kudzaza nyumba. Chimene chinawapulumutsa a Daka si pemphero kapena nzeru zawo: mayunitsi a magetsi anatha m'mita, Dona n'kuusa moyo komaliza atatsamira chitseko, mgolo utagwera m'kati n'kumukhomerera pansi.

Festus, wogula zitsulo uja, anafika ndi kalole kake foni ya mayi Matilda isanazizire. Anachita kuzula chitseko ndi mphuthu zake kuti mwini nyumba atuluke. A Daka anatsika akuyenda ngati munthu wotsika m'bwato. Bulangeti linatuluka lakuda ndi girisi, pakati pali chibowo choti mbuzi n'kudutsa osakhudza m'mbali. Mayi Matilda analitambasula pamaso pa khamu lonse, anasuzumira pachibowopo n'kuyang'ana amuna awo. Anangokodola Festus ndi chibwano.

Pangano ndi pangano. A Daka anakhala pa mpando wonyowa n'kumaonerera chuma chawo chikukwera kalole. Koma anaona kuti mashini alionse a diso lagalasi, Festus ankayamba wawavula chivindikiro, kumasula chimwala n'kuchiponya pambali asanawaike pa sikelo.

"Waona, amake Purity!" anadzuka a Daka, mphamvu zitabwerera. "Namonso muli mwala! Namonso! Onsewa anali akuba!"

Festus anaimitsa sipana. "Awe, mudala, akuba ati? Onse otere amabadwa nawo mwalawu kufakitale. Ndiwo umagwira mashini kuti asathawe pofinya. Ine ndimauchotsa chifukwa sindigula simenti, basi. Pamsika ponsepa ndani sadziwa zimenezi? Mukanangofunsa."

A Daka anayang'ana Dona amene miyendo yake inali m'mwamba pa kalole, n'kukhalanso pa mpando wonyowa uja. Ntchito yonse anaigwira bwino: lamba, mota, dzimbiri. Chinawagwetsa ndi chinthu chimodzi chimene ankati akuchidziwa kuposa munthu aliyense mu Kitwe, pamene yankho lake linali kutsidya kwa msewu, laulere.

Kalole kanapita, bwalo linatsala mbee. Madzulo ake oyenda pamsewu ankaona nkhalamba itakhala m'nyumba yoyasama, ikudikira kalipentala, ndipo ankapatsana moni nayo mwaulemu wonse mpaka atakhota pakona, pamene phwete linkawaphulikira. Akuluakulu sananame pamene anati: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.